Bungwe loima palokha limaopa ndani?

Tsiku lomaliza la mwezi, dzuwa likapendeka, pamalo omwetsera mafuta mu Chipata sipakhala popondapo. Anyamata a njinga zamoto, oyendetsa mataxi opita ku Mwami, eni zigayo ndi zigubu zawo m'manja, aliyense khutu lili ku wailesi kapena diso pa foni, kudikira kuti a ERB, bungwe loyang'anira mitengo ya mafuta ndi magetsi, alengeza zotani. Mtengo watsopano umayamba pakati pa usiku, ndiye amene ali ndi kandalama amafuna athiriretu. Kukacha, nkhani imasamukira pa mapulogalamu oimba foni aja. Wina amafunsa mokwiya kuti aphungu amene tidawavotera ali kuti pamene mafuta akukwera chonchi. Wina amamuyankha kuti phungu alibe mphamvu pamenepo, ERB ndi bungwe loima palokha.

Tsiku lina ndili pamzere womwewo, bambo wina wachikulire wogaya chimanga cha anthu kumudzi kwawo cha ku Chipangali adanditembenukira n'kundifunsa funso limene landikhala mumtima mpaka lero. Adati, "Mwanawe, ngati phungu sangaliuze zochita, nduna nayo ikuti si ine, ndiye bungwe limeneli limaopa ndani? Ifetu sitidalivotere."

Funso la bambowa si la mafuta okha. Limabweranso a ECZ, oyendetsa zisankho, akakana mapepala a munthu wofuna kuima pa chisankho, a ACC, olimbana ndi katangale, akamanga uyu n'kusiya uyo, Bank of Zambia ikakweza chiwongoladzanja, kapena a IBA, oyang'anira mawailesi, akatseka wailesi. Tiyeni tilitenge pang'onopang'ono, poti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuima palokha n'kutani?

Mawuwa amasocheretsa chifukwa akumveka ngati bungwelo lili kunja kwa boma. Si choncho. Ndi la boma ndithu: lidabadwa ndi lamulo, limayendera ndalama za anthu, ndipo mphamvu imene limagwiritsa ntchito ndi ya dziko. Kuima palokha kumatanthauza chinthu chimodzi chokha, chopapatiza: pa nkhani imene lamulo lidalipatsa kuti ligamule, pasapezeke munthu, kaya nduna kaya pulezidenti, woliuza kuti gamula motere.

Amene adagulitsapo chimanga, soya kapena mtedza kwa ogula a m'mbali mwa msewu wa ku Lundazi amaudziwa ululu wa sikelo ya mwini wogula. Thumba limene kunyumba lidakuthyolani msana, pa sikelo yake lapepuka. Inunso mukabwera ndi sikelo yanu, wogulayo saikhulupirira. Malonda amayenda mwamtendere pakakhala sikelo imene si ya wogula komanso si ya wogulitsa. Tsono boma nthawi zambiri limakhala wogula ndi wogulitsa pamalonda amodzi. Chipani cholamula chimapikisana nawo pa chisankho, ndiye sichingawerenge chokha mavoti. Unduna umene udagwiritsa ntchito ndalama sungadzifufuze wokha. Boma losowa ndalama likhoza kukopeka kuti lingosindikiza zina, mitengo ya zinthu n'kuuluka. Mabungwe oima paokha adapangidwa kuti akhale sikelo ya pakati ija.

Nzeruyi ndi yakale. Dziko la Sweden lidakhazikitsa ofesi yolandira madandaulo a anthu pa antchito a boma mu 1809. Ku America, mu 1887, adapanga bungwe loyang'anira mitengo ya njanji alimi atalira kuti eni sitima akuwadyera masuku pamutu. Kwathu kuno zidabwera m'magawomagawo. M'zaka za m'ma 1970, nthawi ya chipani chimodzi, kudabwera ofesi ya Investigator General, yolandira madandaulo otero, koma inkapereka zopeza zake kwa pulezidenti. Lamulo lokhazikitsa Anti-Corruption Commission lidabwera mu 1980, a Kenneth Kaunda akulamulabe. Ambiri mwa mabungwewa adamera ndale za zipani zambiri zitabwerera mu 1991: Electoral Commission of Zambia ndi Human Rights Commission mu 1996, ndipo ERB idabadwa ndi lamulo la 1995, pamene boma linkagulitsa makampani ake n'kuona kuti pakufunika woyang'anira mitengo ya magetsi ndi mafuta.

Kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko kwa mu 2016 ndiko kudaika zambiri mwa izi pamalo amodzi. Ndime 216 imanena kuti makomishoni azimvera malamulo okha, asalamulidwe ndi munthu kapena ofesi ina pogwira ntchito yawo, ndipo asakondere chipani. Kusintha komweko kudachotsa Investigator General n'kuikapo Public Protector, amene tsopano amapereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo.

Apa pali kusiyana kumene ambiri sitikuona. Mabungwe ena, monga ECZ, ACC, DEC (yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo), Human Rights Commission, Public Protector ndi Auditor General (wofufuza mabuku a ndalama za boma), maina awo ali m'malamulo oyendetsera dziko momwe, ndipo kuwathetsa n'kovuta chifukwa kusintha malamulo amenewa kumafuna mavoti a magawo awiri mwa atatu a aphungu. Ena, monga ERB, IBA ndi ZICTA (yoyang'anira za mafoni ndi intaneti), adabadwa ndi malamulo wamba, amene Nyumba ya Malamulo ikhoza kusintha ndi mavoti ongopitirira theka, ndipo mabodi awo amasankhidwa ndi nduna. Ndiye pali ena, monga FRA yogula chimanga ija imene timaidziwa bwino kuno kum'mawa, amene ntchito yawo n'kukwaniritsa mfundo za boma lolamula. Onsewa timangowatcha "a boma" kapena "oima paokha", chonsecho zingwe zawo n'zotalika mosiyana.

Kuyang'anira kwa Nyumba ya Malamulo

Ambiri timaganiza kuti ntchito ya phungu n'kupanga malamulo ndi kubweretsa mijigo. Ilipo ntchito ina imene siionekera kwambiri kumudzi koma ndiyo msana wa nkhaniyi: kufunsa amene agwira mphamvu ndi ndalama za anthu kuti afotokoze. Ndime 63 imapatsa Nyumba ya Malamulo udindo wovomereza ndalama zoti zigwiritsidwe ntchito, kulondola momwe zagwirira ntchito, kuvomereza ngongole za dziko zisanatengedwe, ndi kuona kuti chuma chikugawidwa mosakondera.

Amayi a magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, amene timangoti vileji banki, adayamba kale kuchita zimenezi. Bokosi la ndalama lili ndi maloko atatu. Makiyi ali ndi amayi atatu osiyana, ndipo bokosilo limagona kwa wachinayi. Tsiku la msonkhano limatsegulidwa pamphasa aliyense akuona, owerenga ndalama n'kumatchula mokweza, mlembi n'kumayerekeza ndi za m'buku. Palibe amene amati msungichuma ndi wakuba. Mwina ndi mayi wa mpingo, wodziwika ndi kukhulupirika. Koma amatsegulabe bokosi pagulu, chifukwa ndalamazo si zake. Nyumba ya Malamulo ndi mphasa imeneyo.

Mwambowu tidautengera ku Britain, kumene komiti ya aphungu yolondola ndalama za boma idakhazikitsidwa mu 1861. Kuno nyumba yopanga malamulo idayamba kukumana ku Livingstone mu 1924, yopanda munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Aafirika oyamba adalowamo mu 1948. Kuyambira 1973 mpaka 1991 aphungu onse anali a UNIP. Ena mwa iwo ankafunsa mafunso olimba ndithu, koma wofunsa ndi wofunsidwa anali a nyumba imodzi. Makomiti oyang'anira unduna uliwonse, maofesi a aphungu m'madera, ndi wailesi youlutsa zokambirana za ku Manda Hill, kumene kuli Nyumba ya Malamulo, ndi zipatso za kusintha kumene kudabwera pambuyo pake.

Zida za aphungu ndi zingapo. Amafunsa nduna mafunso, ndipo Lachisanu wachiwiri kwa pulezidenti amayankha mafunso osakonzekera. Amakambirana bajeti mutu ndi mutu, kuphatikizapo ndalama za makomishoni. Amalandira malipoti a chaka ndi chaka a mabungwewa. Amaitana akuluakulu awo ku makomiti. Amavomereza kapena kukana anthu amene pulezidenti wasankha pa maudindo ena. Ndipo chida chachikulu kuposa zonse, akhoza kusintha lamulo limene lidapanga bungwelo.

Pamene ndimaona kuti ntchitoyi imaonekera bwino ndi pa ubale wa Auditor General ndi komiti ya Public Accounts. Chaka cha ndalama za boma chimatha mu Disembala. Ndime 212 imapatsa Auditor General miyezi isanu ndi inayi kuti apereke lipoti lake kwa pulezidenti ndi ku Nyumba ya Malamulo, kutanthauza kuti pofika kumapeto kwa Seputembala liyenera kutuluka. Mkati mwake mumakhala zinthu zimene aliyense angamve: katundu amene adalipiridwa koma sadafike, ndalama za paulendo zimene malisiti ake sadabwere, mankhwala ndi zipangizo zosaoneka m'mabuku a m'nkhokwe, kontrakitala amene adalandira ndalama n'kusiya khoma lili m'chiuno. Komiti ija, imene mwa chizolowezi wapampando wake sachokera ku chipani cholamula, imaitana alembi aakulu a maunduna mmodzimmodzi. Amene mudamvetserapo pa wailesi mukudziwa momwe zimakhalira: mkulu wa unduna akupukuta thukuta, akupempha nthawi yoti akafunefune mapepala, phungu akumubwezera pa tsamba lomwelo.

Taonani kugawana ntchito kwake. Auditor General ndi woima palokha, ndipo aphungu sangamuuze zoti alembe. Koma iye payekha alibe mphamvu yoitana munthu kudzayankha pamaso pa dziko lonse. Imeneyo ili ndi aphungu. Aphungu nawo alibe akatswiri olowa m'mabuku a khonsolo ya Chadiza kapena Vubwi, amadalira iye. Apa bungwe loima palokha si mdani wa Nyumba ya Malamulo, ndi maso ake. Ndipo kufunika kwa maso amenewa kwakula kuchokera pamene ndalama za CDF, zachitukuko cha m'dera la phungu, zidakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, chifukwa ndalama zambiri tsopano zikugwiritsidwa ntchito kutali ndi Lusaka, m'makhonsolo amene dzulodzuloli ankagwira zochepa. Malipoti a makhonsolo ali ndi komiti yawoyawo ya aphungu.

Koma komiti simanga munthu, siimba mlandu, sichotsa munthu ntchito. Imalemba zofunika kuchita, ofesi ya zachuma n'kuyankha kuti yachitapo chiyani. Zakuba zikaoneka, mpira umapita kwa apolisi, a ACC kapena a DEC. Pamenepo ndi pamene anthu ambiri amagwa ulesi, poona zolakwa zamtundu umodzimodzi zikubwerera m'malipoti chaka ndi chaka. Ena amati mlandu suola, bola zalembedwa. Ena amati kulemba kopanda chilango n'kutaya pepala. Onse awiri ali ndi mfundo.

Malire a pakati pa kufunsa ndi kulamula

Tsono ngati aphungu angathe kuitana mkulu wa bungwe ndi kumufunsa, kuima palokha kuja kwatsala pati? Yankho lili pa kusiyanitsa mafunso awiri amene amafanana nkhope.

Phungu angafunse a ERB kuti mtengo wa dizilo mumauwerengera bwanji, mtengo wa mafuta pamsika wa dziko lonse ukulowamo motani, mphamvu ya kwacha pa dola ikulowamo motani, msonkho ndi zingati, wonyamula ndi wogulitsa akupeza zingati. Angafunse ngati njira yosintha mtengo mwezi ndi mwezi, imene idayamba mu 2022 boma litasiya kuthandizira mtengo wa mafuta kumapeto kwa 2021, ikukomera anthu. Akaona kuti lamulo ndilo lalakwika, angakope anzake kuti alisinthe. Chimene sangachite n'kuimba foni kuti mwezi uno musakweze chifukwa kwathu kuli chisankho chapadera.

Chimodzimodzi kwa a ACC. Aphungu angafunse kuti madandaulo mudalandira angati, mwafufuza angati, afika kukhoti ndi angati, n'chifukwa chiyani milandu ikukhalitsa, maofesi a m'zigawo ali ndi ofufuza okwanira kapena ayi. Koma sanganene kuti mangani uje, kapena msiyeni uje ndi wathu. Nkhani imene ili kale kukhoti, mwambo wa Nyumbayo suilola n'komwe kuti ikambidwe.

Zili ngati woyimbira mpira. Akuluakulu a ligi angathe kuunika ntchito yake masewero atatha, kumufunsa, kumulanga akapezeka kuti adalandira chiphuphu, ngakhale kusintha malamulo a masewero chaka chamawa. Koma sangalowe m'bwalo mpira uli mkati kukamuuza kuti ija ndi penate.

Chifukwa chimene malirewa amafunikira n'chakuti aphungu nawonso ndi osewera. ECZ ndiyo imayendetsa chisankho chimene chimawalowetsa kapena kuwatulutsa m'Nyumbamo, ndipo ndiyo imayang'ana malire a madera awo. ACC ikhoza kufufuza phungu yemweyo amene mawa adzavotere bajeti yake. Wailesi imene IBA ikuiyang'anira mwina ndi imene imadzudzula kapena kuyamikira phunguyo. Munthu akamayang'anira amene amamuyang'anira iye, pamafunika mpanda.

Pamene mpandawu umavuta kwambiri ndi pa ofesi ya Director of Public Prosecutions, mkulu woimba anthu milandu m'malo mwa boma. Ndime 180 imati iye salamulidwa ndi munthu aliyense pa ntchito yake. Ali ndi mphamvu yoimitsa mlandu wa boma chigamulo chisanaperekedwe, chimene ambiri adachizolowera ndi dzina loti nole, ndipo milandu ya katangale imene a ACC afufuza imafuna chilolezo chake kuti iyambe kukhoti. Oikira kumbuyo dongosololi amati woimba milandu akamakakamizidwa kufotokoza chilichonse kwa andale, mboni zidzachita mantha ndipo milandu idzasanduka nkhondo ya zipani. Odandaula amati mphamvu yaikulu chotere yopanda kupereka chifukwa imasiya anthu mumdima, makamaka woimbidwa mlandu akakhala munthu wa dzina.

Zingwe zitatu

Mbuzi yomangidwa pamtengo imadya udzu mwaufulu, palibe woiuza kuti idye tsamba liti. Koma imafika pamene chingwe chathera. Pofuna kudziwa ufulu weniweni wa bungwe, musangowerenga mawu oti "loima palokha" m'lamulo. Yang'anani amene wagwira zingwe zitatu: kusankha atsogoleri ake, kulipatsa ndalama, ndi kuwachotsa.

Pa kusankha, njira yofala kwathu ndi yakuti pulezidenti atchule dzina, Nyumba ya Malamulo ivomereze. Pa maudindo ena dzinalo limayamba ladutsa kwina: la Public Protector limachokera ku Judicial Service Commission. Likafika ku Manda Hill, komiti yapadera imamufunsa munthuyo, imamvanso maganizo a mabungwe ofufuza milandu ndi ena monga a maloya, kenaka Nyumba yonse n'kuvota. Koma ndime 95 ili ndi mfundo imene ambiri saidziwa. Aphungu akakana dzina loyamba, pulezidenti amabweretsa lina. Akakananso, amabweretsa lachitatu. Akakana kachitatu, munthu wachitatuyo amalowa ntchito basi. Cholinga chake n'chomveka: udindo usakhale wopanda munthu mpaka kalekale chifukwa cha kukokana kwa zipani. Koma zikutanthauzanso kuti mawu otsiriza sali ndi aphungu. Onjezerani apo kuti nduna zathu zimachokera mwa aphungu omwewo, ndipo chipani cha pulezidenti kawirikawiri ndicho chimakhala ndi mipando yambiri, mudzamvetsa chifukwa chake kukana dzina sikuchitika kawirikawiri, kaya likulamula ndi boma liti.

Pa ndalama, malamulo oyendetsera dziko amati komishoni izichita zachuma chake mwachindunji ndi unduna wa zachuma, ndipo izipatsidwa ndalama zokwanira. Koma "zokwanira" amayeza ndani? Aphungu amavomereza chiwerengero cha m'bajeti, koma kutulutsa ndalamazo mwezi ndi mwezi kuli m'manja mwa unduna. Bungwe silifunika kuopsezedwa kuti lifooke. Galimoto ya wofufuza ikakhala yopanda mafuta, dandaulo la munthu wa ku Lumezi lidzadikira, ngakhale palibe amene waletsa kuti lifufuzidwe.

Chingwe chachitatu ndicho chimakoka kwambiri. Ena, monga Director of Public Prosecutions, amachotsedwa potsata njira yofanana ndi ya oweruza milandu, imene imafuna kuti pakhale dandaulo ndi kufufuza. Ena alibe chitetezo chotere. Mu Ogasiti 2020, pulezidenti Edgar Lungu adachotsa a Denny Kalyalya pa udindo wa bwanamkubwa wa Bank of Zambia nthawi yawo isanathe, ndipo nkhaniyo idamveka mpaka kunja kwa dziko. A Kalyalya adabwezeredwa pampandowo mu 2021 boma litasintha, ndipo mu 2022 kudabwera lamulo latsopano la bankiyo lolimbitsa ufulu wake. Mu Julaye 2024, pulezidenti Hakainde Hichilema adathetsa bodi yonse ya ACC, mkulu wa bungwelo atangotula pansi udindo, kutsatira madandaulo amene mmodzi wa a m'bodimo adatulutsa poyera. Ndatchula maboma awiri osiyana mwadala. Nthawi zonse ziwiri panali onena kuti mtsogoleri wosankhidwa ndi anthu ayenera kukhala ndi mphamvu yokonza bungwe limene lasokonekera, ndipo panali onena kuti bungwe limene lingachotsedwe tsiku limodzi silingafufuze wolichotsayo mopanda mantha. Kawirikawiri amene adanena choyamba nthawi ina ndi amene adanena chachiwiri nthawi inayo.

Nkhani ya IBA ikuonetsa momwe chingwe chimafupikira mwakachetechete. Lamulo lake la 2002 lidaika komiti yapadera yosankha maina a bodi. Mu 2010 lamulolo lidasinthidwa, komitiyo n'kuchotsedwa, mphamvu n'kupita kwa nduna. Bungwelo lidayamba ntchito mu 2013. Pamene lidaimitsa Muvi TV ndi mawailesi ena awiri mu Ogasiti 2016, ndi pamene lidalanda chilolezo cha Prime TV mu Epulo 2020, bungwelo lidati likutsata lamulo, odzudzula adati likumvera andale. Chilolezo cha Prime TV chidabwezedwa mu Ogasiti 2021, chisankho chitangotha. Kwa ife a kuno, amene nkhani zathu zambiri timazimvera pa mawailesi a m'dera monga Breeze FM ndi Radio Maria, za amene amasankha bodi yopereka zilolezo si nkhani ya ku Lusaka yokha.

Kutsidya kwa malire

Anansi athu a kuseri kwa Mwami adakumana nazo mwanjira yawo. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti la ku Malawi lidafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019. Komiti ya aphungu idaitana makomishonala a chisankho mmodzimmodzi, n'kunena kuti achotsedwe, koma pulezidenti Peter Mutharika sadawachotse: aphungu anali ndi mphamvu yofunsa, yochotsa inali kwina. Mu 2021 komiti yomweyo idakana a Martha Chizuma pa udindo wa mkulu wa bungwe lolimbana ndi katangale, anthu adalusa, ndipo patangopita masiku ochepa idawavomereza. Apo zidaoneka kuti mphamvu yokana ili m'manja mwa aphungu ikhoza kutsekereza munthu amene anthu ambiri akumufuna.

Ku South Africa, Public Protector Thuli Madonsela adapeza mu 2014 kuti pulezidenti Jacob Zuma abweze zina mwa ndalama za boma zimene zidagwiritsidwa ntchito pa nyumba yake ku Nkandla. Aphungu adayesa kumuchotsera mlanduwo, koma mu Malichi 2016 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko lidagamula kuti iwo omwe adalephera udindo wawo. Mu 2023 nyumba yomweyo idavota kuchotsa wolowa m'malo mwake, Busisiwe Mkhwebane, pambuyo pa kufufuza kwa nthawi yaitali. Nyumba imodzi, nthawi ina idatchinjiriza wamphamvu kwa woyang'anira, nthawi ina idagwiritsa ntchito mphamvu yake pa woyang'anira mwiniyo.

Nanga ife tili pati?

Aphungu si okhawo ogwira mabungwewa pamkono. Makhoti akhoza kuunika chigamulo cha bungwe ngati lapyola mphamvu zake kapena silidamve mbali zonse. Auditor General amalowanso m'mabuku a mabungwe anzake. A ERB amachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu ZESCO ikapempha kukweza mtengo wa magetsi. Ndipo mu Disembala 2023 kudasainidwa lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha zimene maofesi a boma akusunga, patatha zaka zoposa makumi awiri likulonjezedwa. Oyang'anira lamulo limeneli ndi a Human Rights Commission.

Ndiye kwa bambo a chigayo aja, yankho la m'malamulo ndi ili: ERB siyankha kwa phungu pa mtengo wa mwezi uno, koma imayankha ku Nyumba ya Malamulo pa momwe imagwirira ntchito, imayankha kukhoti ikaphwanya lamulo, ndipo bodi yake imasankhidwa ndi nduna ya boma limene iwo adavotera kapena sadavotere. Unyolo ulipo wochokera pa chala chawo chodetsedwa ndi inki kufika pa mtengo wa dizilo. Ndi wautali, ndipo mfundo zake zina n'zosalimba.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba n'lakuti maina a atsogoleri a mabungwewa azichokera kuti. Ena akufuna kuti maudindo azilengezedwa, ofuna ntchito azifunsidwa poyera ndi gulu la anthu osiyanasiyana, pulezidenti n'kungosankha mwa ochepa amene apambana. Ena akuti gulu loterolo nalonso silidavoteredwe ndi aliyense, ndipo zikalakwika sipadzakhala womuloza chala. Pafupi ndi limeneli pali lina: kodi pa ECZ ndi ACC mavoti ongopitirira theka ndi okwanira, kapena pazifunika magawo awiri mwa atatu kuti otsutsa nawo avomereze? Nanga otsutsawo akangokana dzina lililonse, chisankho chili pafupi, chingachitike n'chiyani?

Pa ndalama, pali oganiza kuti mabungwe ena azipatsidwa gawo lokhazikika la bajeti limene unduna sungachedwetse. Koma chaka cha chilala ngati 2024, pamene ndalama zikufunika kugulira chimanga, ndani adzauze anthu kuti gawo la komishoni silikhudzidwa?

Palinso funso la mano a makomiti. Kodi zimene komiti ya Public Accounts yanena zizikhala zokakamiza, ndi tsiku loikika ndi chilango kwa wonyalanyaza? Zikatero, kodi aphungu sakhala atasanduka khoti, iwo ali andale? Ndipo lamulo likalembedwa koma njira yoligwiritsira ntchito n'kuchedwa, wolakwa ndani? Mphamvu ya aphungu yovomereza ngongole idalembedwa mu 2016, dziko lidalephera kulipira ngongole yake ya kunja mu Novembala 2020, ndipo lamulo latsopano lofotokoza kayendetsedwe ka ngongole lidabwera mu 2022.

Funso limene limandivuta kwambiri ineyo n'la chilankhulo ndi mtunda. Malipoti a Auditor General, a makomiti ndi a makomishoni amatuluka m'Chingerezi, masamba mazanamazana, ndipo amakambidwa makilomita oposa 500 kuchokera pano. Phungu amayenera kuyankha kwa ovota pa momwe wayang'anirira mabungwewa, koma pamsonkhano wa kumudzi timamufunsa za mlatho, fetereza ndi maliro, ndipo n'zomveka chifukwa ndizo zikutiwawa. Kodi ndi udindo wa ndani kutenga ndime ya lipoti yonena za khonsolo ya Kasenengwa n'kuiwerenga m'Chinyanja pa wailesi kapena pabwalo la mfumu: wa phungu, amene mwina lipotilo likumukhudza, wa bungwe lolemba lipotilo, limene likuti ndalama zake n'zochepa, kapena wa atolankhani a m'dera, amene chilolezo chawo chili m'manja mwa limodzi la mabungwe omwewa?